Ventoza ya Kumanda

Lolemba, 13 Outubro

Kutentha kopanda chisoni. Ndadzuka kusanache, khasu paphewa, koma miyendo yandikhotetseranso kumtunda. Munda wathu suli uko, mudzi wonse ukudziwa.

Ndakhala pa kabokosi ka simenti kaja m'mphepete mwa manda, kudikira dzuwa. Likangowomba magalasi a sola a bomba yopopa madzi kudambo, madzi amayamba kukwera m'paipi, ndiye ventoza imadzuka. Kachitsulo kongofanana ndi botolo, koma mpweya wake! Poyamba fiii, motsika. Kenako kamluzu kapakhosi, kodukaduka. Pomaliza imalavula timadzi n'kukhala chete.

Ndi mmene amuna anga a Zacarias ankapumira miyezi yawo yomaliza. Ndendende. Sindinauzepo munthu.

Anaimanga ndi manja awo, chaka chimene madzi anabwera m'mudzi muno, anthu n'kuwasankha kukhala osamalira paipi. "Crimilda, paipi nayo ili ndi chifuwa," ankatero. Ati madzi amayenda ndi mpweya, mpweyawo umathawira pamalo okwera, ukasowa potulukira umatseka njira ngati chitsononkho pakamwa pa chigubu. Ventoza ndiyo khomo lake. Ine ndinkangoti eya, eya, uku ndikusankha nyemba. Mwamuna wokamba za paipi mpaka pamphasa! Lero ndikulakalaka atanditopetsanso nazo.

Miyezi itatu chiwaikire. Kusudzula ati pa 8 Novembro. Ine pano ndine mtengwa, kwathu ndi ku Mualadzi. Nyumba, munda, mango amene ndinabzala ndekha, zonse zili pa dothi la eni. Tsiku limenelo apongozi ndi alamu anga a Lemani adzanena liwu limodzi, khala kapena pita. Mizere ndikuunga ndithu, osadziwa ngati wokolola ndidzakhala ine.

Sopo watha. Dulce, mwana wanga, nsapato za ku sikola zayamba kuseka.

Lachinayi, 16 Outubro

Kumpopi ndapeza anthu akuseka. Ine kungotula ndowa, onse zii, ngati ndasenza maliro ena pamutu.

Florência wandiperekeza pobwerera. Mnzanga yekhayo amene sandiyang'ana ngati mbale yosweka. Ati nkhani ili m'kamwam'kamwa: a Zacarias sanagone, akubuula kumanda mbandakucha uliwonse. Wogulitsa makala wina anawamva ali pa njinga, anataya thumba n'kuliyatsa liwiro. Ndaseka, koyamba chichitikire maliro. Kenako wawonjeza kuti anthu amandionanso ndikulowera komweko. Kuseka kwathera pomwepo.

Ventoza yakhala ikupuma pamenepo zaka zonsezi, palibe anaitchera khutu. Koma zoona, mawu ake asintha. Eni ake ankaitsegula mwezi ndi mwezi, kuchotsa mchenga ndi dothi la mavu. Chiwagwirire chifuwa palibe waikhudza, n'chifukwa chake mluzuwo. A komite ya madzi ntchito imene amaidziwa ndi kusonkhana pamthunzi basi.

Ndikanatha kuitsuka ndekha, ndinkawagwirira zitsulo kangapo konse. Koma ndikaitsuka isiya kulira ngati iwo. Ndiye sindikuitsuka. Mulungu andikhululukire.

Lamulungu, 19 Outubro

Kukapela m'mawa. Akatekisita aphunzitsa za kupemphera osatopa. Ine ndinatopa kale.

Masana a Lemani. Akhala pa mpando wa malemu, maso kudenga, pa malata. Munthu ameneyu moni amapereka kwa iwe, maso amapereka kwa katundu wako. Ati anapita kwa woombeza kutsidya kwa mtsinje, ndipo zaoneka: mzimu wa mkulu wawo uli ndi dandaulo, pali wina akuusokoneza. "Alamu, kumanda mumakatani m'mamawa?" Ndati nkhuni. Ayang'ana pakhomo, palibe ndi kamtengo komwe.

Lamulo: ndisapondenso kumtunda mpaka atandisudzula. Ndavomera, ndikanatani.

Ndayesa kunena kuti chikulira ndi chitsulo. "Chitsulo chingadziwe bwanji kubanika ngati mbale wanga?" Nanenso ndimadzifunsa zomwezo.

Madzulo ndadzera kwa apongozi, aNambewe, ndi kambale ka nyemba. Nyumba yawo ndiyo yomaliza m'mudzi, windo loyang'ana kumtunda. Moni wanga auyankha ndi mutu. Aonda, chitenje akuchizunguliza kawiri. Ife awiri ndi amene tinkasinthana kuwatsamiritsa a Zacarias akabanika, wina kumsana wina kumapazi. Lero tikulephera n'kuyang'anana komwe.

Lachitatu, 22 Outubro

Dzulo nsembe. Ufa ndi mowa patsinde pa msolo. Ine sanandiitane, kuwomba m'manja ndinakumvera pakhomo.

Atatha, a Lemani ndi anzawo anakavundukula kabokosi. Mwamuna wa Florência analipo, ndiye wafotokoza. Anakhomera kamtengo pakamwa pa ventoza n'kukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, kukoka mpaka thukuta kamukamu. Kuno mphira ndi mankhwala a chilichonse. Ndowa ikadontha, mphira. Mpini ukang'aluka, mphira. Mbuzi pa njinga, mphira. Tsopano ndi mizimu yomwe.

Lero ndaima kuseri kwa nkhokwe, khutu kumtunda. Mphepo ikakhala bwino mawu aja amafika mpaka kuno, pang'ono chabe. Dzuwa latuluka. Atambala, mbuzi, mwana wa wina akulira. Iwo ayi.

Andiikira mwamuna kachiwiri, ndipo ulendo uno alibe n'kundiuza komwe kuti ndilire. Ndakalirira kumunda. Tsiku lonse mzere umodzi, nawonso wokhota.

Loweruka, 25 Outubro

Mpopi ukutsokomola. Ukautsegula, kho kho, kulavula, kenako timadzi ngati ulusi. Mzere wa ndowa wafika mpaka ku sikola. Amayi awiri atukwanizana chifukwa cha malo, mpaka kutchulana za agogo awo.

A Lemani akuyenda chifuwa patsogolo. "Mwamva? Wagona tsopano." Anthu akuwathokoza. Za madzi ati ndi chilimwe, chitsime chatsika. Chaka chatha kunatentha kuposa pano, koma tanki inkasefukira masana aliwonse mpaka ana kumaseweretsa matope pansi pake.

Ine ndikudziwa. Mpweya ukuunjikana pamtunda paja, tsiku lililonse kuwonjezera, madzi akuchita kudzipanikiza kuti adutse. Ndamuuza Florência. Wanditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi. "Iwe, sunga zimenezo mpaka akusudzule. Ukufuna ukadye mango a ku Mualadzi?" Ku Mualadzi ndilibe mango. Ndili ndi alongo anga a Lonjezani, mkazi wawo wa pakamwa pakuthwa, ndi kachipinda kosungiramo makasu.

Masabata awiri okha. Ndikhala chete. Pakamwa panga nanenso ndamangapo mphira.

Lachiwiri, 28 Outubro

Mpopi wauma. Palibe ndi dontho lomwe.

Tabwerera kumchenga wa mtsinje monga kale, kufukula ndi mbale, kudikira kuti adikhe. Ng'ombe kumtunda, ife kumunsi. Madzi a mtundu wa thobwa. Khosi linaiwala kusenza mtunda wautali, likundikumbutsa ndi ululu.

A komite aimbira tekiniko wa za madzi wa ku Chifunde. Ndinakhala chapatali, wamasiye salankhula pabwalo asanasudzulidwe. Foni anaikweza mawu kuti onse amve. Munthuyo ati galimoto palibe, abwera ikapezeka. Wafunsa ngati magalasi ali oyera, ngati bomba ikulira, ngati pali chimene asintha pa paipi. Pa funso lomalizalo amuna onse maso pansi. "Palibe, shefi." Ndani angauze munthu wa boma kuti tamanga mzimu ndi mphira? Ndiye apita kukatsuka magalasi, ndi madzi amene ife tasenza kuchokera kumtsinje.

Madzulo ndadzikakamiza. Ndagwada pakhomo pa a Lemani, ndati alamu, mwina mukanamasulako pang'ono pokha kuti madzi adutse. "Mukufuna mbale wanga abuulenso? Kani inu zimakukomerani?" Ndinatsala pang'ono kuvomera.

Ndikudzuka awonjeza kuti tsiku lija likadzafika adzakumbukira zimenezi. Mkazi wawo anali kukhitchini, anamva zonse, chigubu chake nachonso chili gwa, chopanda kanthu.

Lachinayi, 30 Outubro

Dulce m'mimba. Kutsegula kuyambira m'mawa, madzi okhaokha. Nkhuni zowiritsira madzi zatha, ndathyola mpanda wa bafa. Kumunda sindinapite.

Loweruka, 1 Novembro

Ku posito ya zaumoyo. Ana ali ngundangunda pakhonde. Anamwino ati aliyense azibwera ndi chigubu chake, mpopi wawo nawonso wauma, paipi ndi imodzi yomweyi. Dulce amupatsa timapaketi tosungunula m'madzi aukhondo. Aukhondo ake ati?

Khanda la Florência lili m'kati, chingwe pamkono, maso olowa, kulira kwake ngati kamphaka. Florência amene ankanditseka pakamwa uja ali pambali pake. Wangondiyang'ana, ndipo ndamva.

Pobwerera ndadzera kudambo. Bomba ikung'ung'udza mawu achilendo, bokosi lake lotentha losagwirika. A Zacarias ankati bomba yokankha njira yotseka imapsa, ndipo ikadzapsa tidzaiwale za mpopi zaka ndi zaka.

Sabata imodzi yokha kuti andisudzule. Imodzi! Ndapita kukaona munda. Mizere yatha yonse, mbewu ili m'chigubu ndi phulusa, ikungodikira mvula. Ndaima pakati pa munda nthawi yaitali ngati wotsanzika. Ayi, sindinaganize kanthu. Ndangonola mpeni, unali wobuntha kale.

Mawa ndi tsiku lokumbukira akufa, akhristu tikayatsa makandulo kumanda. Limenelo a Lemani sangandiletse, mwini wake ndi akatekisita.

Lamulungu, 2 Novembro

Ndachita.

Tinakwera mtunda tikuimba, dzuwa litakwera kale pang'ono, makandulo m'manja. Ine mpeni m'chitenje. Anthu atalowa m'mitengo ya kumanda ndinatsalira, ngati ndikuzula minga kuphazi. Chivundikiro cha kabokosi cholemera, ndinachikankha ndi bondo. Mphira anakulunga ngati akumanga mfiti. Kudula, kudula. Kamtengo kaja sindinakakhudze n'komwe, kanauluka kokha kukagwera kutchire.

Mayo ine, mpweya wake! Osati fiii wa masiku onse. Kubangula. Mpweya wa masiku onsewa kutuluka nthawi imodzi, fumbi ndi masamba m'mwamba. Nyimbo inadukira pakati. Ena anathawa akudumpha mitumbira, makandulo mbwee, akatekisita anatsala okha atakumbatira buku lawo. Ine ndinagwada pomwepo, nkhope yonse yonyowa, kaya ndi madzi a m'paipi kaya ndi anga. Kenako kamluzu kaja. Ndinakamva bwinobwino, pafupi, monga ndinkakamvera mutu wawo uli pachifuwa panga. Kenako kulavula, chete.

Ndinaika khutu pa paipi. Madzi akudutsa, phokoso lake ngati mvula ikubwera patali.

Nditadzuka, theka la mudzi likundiyang'ana, mpeni uli m'manja.

Masana tanki inayamba kulandira. Madzulo mipopi yonse, ndi wa ku posito womwe. Nthungululu, ana kusamba atavala. Pakhomo panga palibe wafika kupatula Florência, watula ndowa yodzaza, wandifinya dzanja, wabwerera kwa khanda lake. Dulce wamwa phala pang'ono.

Kandulo ya a Zacarias ndabwera nayo yosayatsa. Pamtumbira pawo sindinafike.

Lachiwiri, 4 Novembro

A Lemani sanabwere. Bola akanabwera kudzanditukwana.

Ndagwira nkhuku yanga yoikira, kupita nayo kwa apongozi kukapepesa. Ndawapeza kuseri kwa nyumba, msana ku mtunda. Windo lija atsekapo ndi saka. Ndinayamba kufotokoza za mpweya, za malo okwera, za khomo, ngati a Zacarias amene. Anandidula.

"Mukuyesa sindidziwa kuti ndi chitsulo? Ndinalipo akuchimanga, ndinamuwotchera mbatata tsiku limenelo." Ati za woombeza ndi za a Lemani okha, iwo anangowapempha kuti achitseke, njira iliyonse. Ati mbandakucha uliwonse mawu aja amalowa pawindo, iwo n'kudzambatuka kuti akamutsamiritse mwana wawo, amakumbukira atafika kale pakhomo. "Ndinamumva akubanika miyezi yonse ija. Ndizimumvabe mpaka ndife? Inu mukamva mumakhuta. Ine ndikamva amafanso."

Masabata onsewa ndinkaleka dala kuitsuka kuti izilira choncho, osaganizako kuti pawindo lija pali khutu lina. Manyazi andigwira mpaka m'mafupa.

Nkhuku aikana. Ndabwerera nayo kukhwapa, yandiipitsira chitenje cha kukapela.

Loweruka, 8 Novembro

Andisudzula.

Alongo anga a Lonjezani anafika dzulo pa mota, njinga yamoto ija, fumbi mpaka m'nsidze. Lero tinakhala pamphasa, iwo uko ife uku. Mawu okoma ambiri: ndinasamala mbale wawo, ndinalibe mwano, kuyambira lero ndine womasuka. Kenako a Lemani anakonza pakhosi. Ati munthu wodula chimene abale amanga, pamaso pa anthu, kumanda, sangakhale pa dothi lawo. Madzi amene anamwa asanayambe kulankhula ndi a kumpopi, ndinawatungira ndine.

Alongo anga anayesa. Anatchula za ana odwala, anatchula za mizere. Ndinayang'ana apongozi. Maso awo pa zala za kumapazi.

Pita.

Dulce ndi wanga, ameneyo sangandilande. Ziwiya, mphasa, nkhuku. Malata, njinga ndi munda, zotsala. Thumba la zitsulo za paipi palibe walifuna. "Tengani, n'zachabe izo." Mizere yanga adzabzalamo ndi mkazi wa a Lemani. Ndi yowongoka bwino, kupatula umodzi, asadandaule.

Mango ayamba kupsa. Ndamuuza Dulce adye mmene angathere.

Tinyamuka Lachitatu. Mitambo yayamba kusonkhana chakumadzulo.

Lolemba, 10 Novembro

Tsopano ndine womasuka, kumtunda ndingapite mmene ndifunira. Zoseketsa.

Ndapita madzulo, bomba itapuma, Florência pambuyo ndi khanda kumsana. Likuyamwa tsopano, lachita kumuluma. Ndatseka kampopi ka pansi pa ventoza monga ankachitira eni ake, ndamasula chipewa chake. M'kati muli kampira kaja koyandama, kamene madzi akafika amakakankhira m'mwamba kuti katseke khomo. Mchenga, tizidutswa ta kamtengo ka a Lemani, ndi dothi la mavu pakhosi penipeni. Mluzu unali pamenepo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulirira nyumba ya mavu. Ndatsuka ndi nsanza ya malaya awo akale.

Kenako mangera, kapaipi kofewa kamene kanatsala m'thumba la zitsulo. Mbali ina pakamwa pa ventoza, ndamanga ndi waya, osati mphira. Mbali ina ndaitulutsira kuseri kwa kabokosi, kumene sikuyang'ana windo la apongozi, n'kuikwirira mu mulu wa miyala pouma, posafika madzi a mvula. Anandiuzapo kale kuti amatero paipi ikadutsa pafupi ndi nyumba za anthu. Mpweya uzituluka ndithu, koma m'miyala, osamveka.

Florência ndamuonetsa zonse, potseka, pomasula, potsuka. Mwezi ndi mwezi. Zitsulo ndamusiyira. Ati a Lemani akabweranso ndi mphira adzawamanga nayo iwowo. Taseka, kenako wayamba kulira, ine ndamukalipira.

Ndikupotokola waya ndi pamene ndakumbukira. M'mawa wa lero unali womaliza kuwamva, ndipo ine ndinautaya ndikukulunga mbale m'zitenje.

Lachisanu, 14 Novembro, Mualadzi

Kachipinda ka makasu. Mkazi wa alongo anga wandipatsa msomali umodzi wopachikapo zovala, wachita kundionetsa ndi chala. Dulce wafunsa kuti mpopi uli kuti. Kuno ndi chitsime cha chingwe.

Lachitatu lija. Mota ziwiri, katundu womanga ndi mphira, nkhuku mutu panja pa dengu. Msewu umadutsa pamtunda pomwe paja. Kunali kutangocha, dzuwa lisanafike kudambo. Pa kabokosi panakhala munthu, chitenje kumutu, mapazi opanda nsapato. Apongozi. Ndinauza woyendetsa kuti aime.

Moni sanandipatse. "Mwamuchita chiyani? Dzulo sanapume." Ndinati ndi zimene munafuna, amayi. Ati eya, ndi zimenezo. Ati dzulo lake anadzuka pa nthawi yake, kudikira, kudikira, anachotsa ndi saka lomwe pawindo. Cheteyo ndi amene wawatulutsa m'nyumba.

Ndinachotsa miyala ingapo. Ndinagwira dzanja lawo, mafupa okhaokha, n'kuliika pakamwa pa mangera. Tinadikira. Alongo anga akuliza mota kumsewu. Dzuwa linatsika mpaka pa magalasi. Kenako unabwera, wozizira, wautali, wopanda mluzu, wopanda kubanika. Mmene ankapumira kale, tisanadziwe njira ya kuchipatala. Unawomba m'chikhatho chawo ndi changa pamodzi.

"Ndi iyeyu," anatero. "Wachira."

Dzanja sanachotse mpaka unatha. Ine ndinadikira liwu limodzi lija, khala. Likanachokera kwa iwo, a Lemani sakanalikana. Ndinadikira mopanda manyazi, miyala ndinaibwezera, ndinaichotsanso, ndinaibwezeranso. Anandiyang'ana, milomo inagwedezeka.

"Muyende bwino, amake Dulce."

Mvula yoyamba yagwa dzulo, yambiri. Kwathu, ndikutanthauza kwawo, abzala lero.

M'mawa uno ndadzuka kusanache, ndapezeka ndaima panja, kumene kulibe mtunda kulibe paipi. Khutu sindinatchere. Koma dzanja, dzanja ndinali nditatambasula